Luisa Wakwera Thirakitala

Kwa Mlolo mutha kuyenda mudzi ndi mudzi, kuchokera ku Fatima mpaka kukagunda Ruo, osapeza mwana wamkazi wotchedwa Luisa. A Veronika aliko mbwee, a Juliana ndiye musachite kunena, koma Luisa ayi. Mayi akati ayerekeze kutchula dzinalo pa khanda lake, anzake amamudula pakamwa: “Mufuna adzakwere thirakitala?” Ambiri mwa onena zimenezi sadziwa n’komwe kuti Luisayo ndi munthu weniweni, ndiponso kuti adakali moyo. Iwo amangodziwa nyimbo.

Nyimboyo anaipeka ndi a Hilario, mkulu wa Mwadiya Jazi Bandi.

Tikati jazi kuno, musaganize za malipenga onyezimira. Aphunzitsi amati jazi inabadwira kwa anthu akuda a ku Amereka, inawoloka nyanja pa mbale za galamafoni n’kukafika ku Joni, komwe anyamata a m’makomboni anaithira zitoliro ndi mavinidwe awo. Mwina n’zoona. Chomwe chikudziwika kwa Mlolo n’chakuti amalume ake a Hilario ndiwo anabwera nayo kuchokera kumigodi, pamodzi ndi jekete lachikopa ndi chifuwa chomwe chinadzawapha. Galamafoni inafa, mbale zinapindika ndi dzuwa la kuno, koma kaimbidwe kanatsalira m’makutu a mnyamatayo. Anatenga chitini cha mafuta, chikopa cha ng’azi ndi waya wa buleki ya njinga, banjo n’kubadwa. Mnzake Lorenso anakunga babatoni: ching’oma chogoneka pansi, chamtengo wautali ndi chingwe chimodzi, chomwe woimba amachikhalira pamwamba, dzanja lina likumenya chingwe ndi kamtengo, lina likuyendetsa botolo. Anapezanso wang’oma ndi wogwedeza zitsekerero za mabotolo. Zimene zinali pa mbale zija anazisakaniza ndi kugunda kwa ulimba, mangolongondo a kuno, komwe anakula nako, zinatuluka zakezake.

Hilario akamaimba, banjo inkachoka panjira, kulowa tchire, kuzungulira kumene akudziwa yekha, anthu akamati basi wasochera, iyo n’kutulukira pomwe babatoni yaima kuidikira. Nyimbo imodzi sinkamveka chimodzimodzi kawiri. Koma chimene chinawatchukitsa kwenikweni ndi kachitidwe kena. Nyimbo ikafika pakolasi, anthu atatenthedwa, Hilario ankakweza khosi la banjo m’mwamba, zoimbira zonse n’kuti zii kamodzin’kamodzi. Pamenepo anthu ankaimba okha, manja ndi mapazi basi, mpaka banjo itagweranso. Kumeneko ankati kusiyira eni ake. Mwana aliyense wa kuno amakula akudziwa kuti banjo ya a Hilario ikaleka, nthawi yake yotsegula kukhosi yakwana.

Chodabwitsa n’chakuti katswiri ameneyu anali wachibwibwi chadzaoneni. Akati apemphe madzi akumwa, ludzu linkatha lokha mawu asanatuluke. Koma akangogwira banjo, lilime linkamasuka ngati la munthu wina. Motero zonse zimene anthu ena amanena ndi pakamwa, iye ankazinena ndi nyimbo, zabwino ndi zoipa zomwe.

Luisa anali mwana wa msodzi wa kudambo, ankagulitsa nsomba zowamba pa msika wa Chiromo. Hilario anamufunsira tsiku lina panjira ya kumsikako, ndipo mawu omwe mnyamata wina akanawamaliza asanameze malovu, iye anavutika nawo mpaka thukuta. Luisa sanaseke. Anatula dengu lake, anadikira mpaka liwu lomaliza litatuluka, kenako anati, “Nkhabe, Hilario. Ndili naye kale.” Sankanama: anali atatomeredwa ndi Pius, mnyamata wopala matabwa. Koma Hilario kukanidwako kunamuwawa, ndipo kudikiridwa mwachifundo kuja kunamuwawa koposa.

Pasanapite nthawi, mkulu wake wa Luisa, yemwe anakwatiwa ku Nchalo, anadwala atangobereka. Luisa anapita kukamudwazika. Basi inamutsitsa pamsewu, makomboni ali kutali mkati mwa minda ya nzimbe, ndipo woyendetsa thirakitala wina anamumvera chisoni n’kumukweza m’ngolo pamodzi ndi amayi ena. Nkhani yonse ndi imeneyi. Koma munthu wina wa kwa Mlolo anamuona ali m’ngolomo, ndipo pofika kumudzi nkhaniyo inali itamera nthenga. Hilario ankadziwa zoona zake bwino lomwe, pakuti mayi ake omwe ndiwo anathandiza kumanga ufa wopita kwa wodwalayo. Anadziwa, n’kupekabe:

Luisa wapita kuti?
Wakwera thirakitala!
Luisa watsata chiyani?
Shuga, shuga, shuga!

Iye ankafunsa, anthu n’kumavomera. Ndime zotsatira zinali zoposa apa, zosayenera kuti munthu azilembe. Tsoka lake, nyimboyo inakoma. Babatoni ya Lorenso inkagunda ngati injini ya thirakitala, ovina n’kumapinda chiwongolero m’malere, ziuno zikuchita zawo. Inayenda m’maukwati, m’misika ndi m’mowa, inawoloka Shire kupita ku Bangula, inakafika ndi ku Nchalo komwe. A kwawo kwa Pius anabweza mawu. Luisa anabwerera kumudzi ataika mkulu wake m’manda, n’kupeza ana akumuimba pachitsime. Anapirira dzinja limodzi. Kenako anakwatiwa ndi mphunzitsi wina wa ku Rumphi, anapita osacheuka.

Nyimbo inatsala, ndipo inakalamba bwino kuposa eni ake. Inalowa m’makaseti, makaseti atatha inalowa m’mafoni. Wang’oma anamwalira, wazitsekerero analowa mpingo woletsa zoimba zakunja, bandi inatsala ya nkhalamba ziwiri. Kulikonse kumene a Hilario ndi a Lorenso aitanidwa, anthu sankawalola kunyamuka asanaimbe Luisa. Ndipo a Hilario ankaimba. Azikana bwanji, poti kukana kumafuna pakamwa? Koma nyimboyo inkawawa. Mkwiyo wa panjira ya ku Chiromo unatha kalekale, mwina chaka chomwecho, n’kutsala manyazi okhaokha. Akamva mayi akuopseza mwana wake kuti usadzakhale Luisa, ankayang’ana pansi. Nkhuyu zomwe anadya ali mnyamata zinkawapota ali nkhalamba, ndipo analibe womuuza kupatula a Lorenso, omwe ankangoti, “Pyakale-kale, shamwali. Zisiye.”

Chaka chatha, m’chilimwe, Feston anakwatitsa mwana wake Melissa. Feston ndi mwana wa mchimwene wake wa Luisa, ndipo mwa akuluakulu a banja la bambo ake, otsala anali azakhali ake okhawo a ku Rumphi. Anawachonderera mpaka anavomera kubwera. Atamva kuti akuchimuna, anthu a kwa Makhuwira, aitana kale a Mwadiya kuti adzasangalatse akuluakulu, sanachedwe. Anapalasa njinga mpaka kwa a Hilario.

“Madala, muimbe zonse zimene mukufuna,” anatero Feston. “Koma ija, chonde, ayi. Azakhali akubwera.”

A Hilario anagwedeza mutu kuvomera. Feston atapita, anakhala pakhonde nthawi yaitali, banjo ili pamiyendo, osaikhudza.

Ukwati utatsala pang’ono, anavala malaya awo a ku tchalitchi n’kupita kwa Feston m’mawa, dzuwa lisanakwiye. Anapeza mayi wina wamng’ono thupi, watsitsi loyera, atakhala pamphasa pansi pa bwemba akusankha mpunga wa ukwati m’lichero. Chapatali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri kankadumpha chingwe ndi ana anzake. A Hilario anavula chipewa.

“Mwa-mwa-mwa...”

A Luisa anaika lichero pambali, anapinda manja, n’kudikira. Anadikira monga anadikirira panjira paja, mpaka moni wonse utatuluka.

“Ndacherwa, penu imwe,” anayankha. “Khalani, a Hilario. Mwakalamba.”

A Hilario anakhala pa mpando wa ndalema, chipewa chikuzungulira m’manja. “Nda-ndabwera kuti...”

“Ndikudziwa chimene mwabwerera. Musavutike nalo lilime. Amati pepani sapoletsa chilonda, koma changa chinapola chokha. Chipsera ndiye chilipo.”

“Ndi-ndinanama, mayi. Ndi-ndinkadziwa za mkulu wanu.”

“Ndikudziwa kuti munkadziwa. Mayi anu ndiwo ananditwika ufa.”

Mawu amenewa anawanena mopanda ukali, akutola kamwala mumpunga, ndipo a Hilario akanakonda akanawatukwana. Kenako a Hilario anati, “Ndi-ndifuna kuikonza. Ndiimbe zo-zoona. Pamaso pa anthu onse.”

“Nkhabe.”

Liwu lomwe lija, pakamwa pomwe paja. A Luisa analoza ndi chibwano kwa ana odumpha chingwe.

“Mukumuona wa diresi lachikasu uyo? Ndi mdzukulu wanga, wa mwana wanga wamkazi. Bambo ake anaumirira kuti amutche dzina langa. Ine ndinakana, koma ndikanapereka chifukwa chanji? Ku Rumphi Luisa ndi dzina basi, ngati dzina lina lililonse. Amuna anga anamwalira nyimbo yanu osaimva. Ana anga saidziwa. Sindinabwere nawo kuno ngakhale kamodzi, anakula akuyesa kuti mayi awo sakonda kwawo. Pa maliro a mama ndinabwera ndekha, nditafunda kumutu, n’kubwerera m’mawa mwake. Mukuganiza kuti sindinkalakalaka nsomba za kwathu? Uyu ndabwera naye chifukwa mayi ake ali kuchipatala ndi wamng’ono, panalibe womusiyira. Apabanja pano ndawauza kuti azimuitana NyaGondwe, monga amachitira kwawo, ndipo iye akuyesa kuti n’kumulemekeza. Ndiye ngati mukufuna kundichitira chabwino, a Hilario, chinthu n’chibodzi basi: mwanayu abwerere kwawo asanaimve. Sindifuna nyimbo ina tayu. Ndifuna chete.”

A Hilario anayang’ana kamtsikana kaja. Kanali kataphonya chingwe, kakuseka, mano awiri akutsogolo kulibe. Anagwedeza mutu, anathokoza kuti takhuta movutikira, n’kunyamuka.

Munthu wina akanamva. Koma a Hilario moyo wawo wonse anali asanakonzepo kanthu ndi kukhala chete. Chete kwa iwo anali matenda, mankhwala ake ndi banjo. Panjira yobwerera kwawo maganizo anayamba kuwazungulira, ndipo pofika pakhomo anali atawatembenuza mawu a mayi aja mpaka kuloza kwina. Mwana wosalakwa azibisidwa dzina lake ngati wakuba? Akadzakula n’kubwera yekha kuno, adzapeza chiyani? Dzina limene iwo analidetsa, ndani wina angalichape? Ndipo mpata wina udzapezeka liti woti mwini dzina ali pompo, anthu a kwa Mlolo ndi a kwa Makhuwira atasonkhana? Pomwe ankafika kwa a Lorenso madzulo ake, nyimbo inali itapsa kale:

Luisa anapita kuti?
Kukadwazika mkulu wake.
Wabodza anali ndani?
Ndine, ndine, ndine.

A Lorenso anali akusoka ukonde pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, n’kuika singano pansi.

“Mawu ndi abwino,” anatero. “Mwini wake wati chiyani?”

A Hilario anayang’ana kumbali.

“Wati nkhabe, eti? Shamwali, bongololo sadzolera mafuta pagulu. Wapita, wapepesa, wakumvera. Chatsala n’chiyani?”

“A-anthu. Anthu sadziwa.”

“Ndiye peka ina. Mayimbidwe ena, kugunda kwina, usatchule dzina la munthu. Wakumva adzamva.”

“Ndi-ndikapeka ina, a-adziwa ndani kuti ndikuchapa iyi?”

Anafotokoza mmene anakonzera. Kayimbidwe kakhale komweko kuti anthu aizindikire. Iwo afunsa, a Lorenso avomere mawu atsopano mokweza, anthu adabwa, atchera khutu, kachiwiri avomera nawo. Nyimbo ya jazi simasintha tsiku ndi tsiku? Si ndi iwo eni ake amene akhala akuipinda uku ndi uku zaka zonsezi?

“Umapinda banjo,” anatero a Lorenso. “Pakamwa pa anthu sunapindepo. Ine sindimenya nawo tayu.”

Anatero ndithu, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima.

Tsiku la ukwati kunatentha monga kumatenthera kuno mvula ikamayandikira, moti ngakhale mbuzi zinasowa pobisala. Anthu anadzaza pansi pa malona otsala pa nthawi ya madzi osefukira, ena m’mithunzi ya mitengo. Akuchimuna anabwera ndi malole, ambiri a iwo osadziwa kuti mayi watsitsi loyera wokhala kutsogolo, pafupi ndi akwati, ndi ndani. Zimkuzamawu zinkabangula nyimbo za achinyamata, woyendetsa mwambo akuitana magulu a perekaniperekani mmodzimmodzi. Nkhalamba ziwiri zija zinaikidwa pambali, pafupi ndi mbiya zamadzi, n’kuiwalika. Zinakumbukiridwa dzuwa litapendeka, pamene jenereta inatsokomola n’kuzima, mnyamata wa mafuta atathamangira ku Fatima.

“Pomwe tikudikira magetsi,” anakuwa woyendetsa mwambo ndi pakamwa pake, “tilandire a Mwadiya Jazi Bandi!”

Achinyamata anaseka poona a Lorenso akukwera ching’oma chawo ngati akukwera bulu. Kusekako sikunakhalitse. Babatoni itagunda, banjo n’kulowa, amayi achikulire anayamba kumanga zitenje m’chiuno, madala ena omwe ankati miyendo ikuwawa anaiwala ndodo zawo. Anaimba ya msodzi wogona m’bwato lake la mwadiya, anaimba ya sitima yomwe inaleka kubwera. Tsiku limenelo zala za a Hilario zinali za mnyamata. Banjo inkasochera mpaka kutali, n’kubwerera ikuseka. Feston, yemwe anali atakhala pamoto chiyambire, anayamba kupuma bwino. Ngakhale a Luisa anaoneka akugwedeza phazi pansi pa chitenje, mdzukulu wawo atatsamira pa mwendo wawo, maso ali pa botolo la a Lorenso.

Phazi limenelo ndilo linamaliza zonse. A Hilario analiona, mtima n’kuwauza kuti mayiyu wafewa, nthawi ndi ino.

Anakhudza zingwe. Kamayimbidwe koyambirira ka nyimbo ija n’kakafupi, koma kuno ngakhale wogontha amakadziwa. Nthungululu inaphulika kumbuyo kwa malona. A Lorenso anatembenuka n’kuwayang’ana anzawo ndi diso loti usatero. Koma dzanja lomwe latsata banjo imodzi kuyambira unyamata silifunsa mwini wake. Kamtengo kanagwa pachingwe kokha, thirakitala inalira.

“Luisa anapita kuti?” anaimba a Hilario.

“Wakwera thirakitala!”

Bwalo lonse. Amayi, abambo, akuchimuna, akuchikazi omwe anaiwala chenjezo la Feston, ana omwe anabadwa dzulodzulo. A Lorenso anakuwa ndithu za kudwazika mkulu wake, misempha ya m’khosi ili panja, koma mawu a nkhalamba imodzi pakati pa chinamtindi chotere ndani akanawamva? Jenereta inali chizimire, chokuzira mawu chili gone pa tebulo.

A Hilario anakweza mawu mpaka kukhosi kunawawa. “Wabodza anali ndani?”

“Shuga, shuga, shuga!”

Palibe amene anamva kuti funso lasintha. Amvetsere chifukwa chiyani? Nyimbo ankaidziwa asanadziwe kuwerenga. Anabwerezanso, akumenya chifuwa chawo ndi chibwano, akuloza okha ndi mutu wa banjo pa ndine, ndine, ndine, anthu n’kumayesa kuti madala awonjezera kavinidwe. Fumbi linakwera. Anyamata a kwa Makhuwira anandandalika mzere, aliyense atagwira chiuno cha mnzake, wakutsogolo akupinda chiwongolero, n’kumazungulira bwalo mpaka kudutsa pamaso pa akwati.

Apa a Hilario anaona kuti zalakwika. Anaganiza zoimitsa kuti alankhule, chibwibwi kaya chibwibwi. Analeka kukhudza zingwe, n’kukweza banjo m’mwamba kuti anthu akhale chete. A Lorenso nawo analeka.

Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Awasiyira eni ake!

Ndiye anaimba okha, manja ndi mapazi, mbali ina ikufunsa, ina ikuvomera. Anamaliza kolasi n’kulowa m’ndime zija zosalembeka, zomwe a Hilario eni ake anali atasiya kuziimba zaka zambiri zapitazo, koma anthu anazisunga zonse, liwu ndi liwu. Feston anathamangira pakati akukupiza manja kuti basi, basi, amayi ena n’kumuzungulira akumuimbira nthungululu poyesa kuti bambo a mkwatibwi alowa m’bwalo. A Hilario anaima pomwepo, banjo ili m’mwamba, pakamwa pali yasa. “A-a-a-a...” Liwu linakana. Akatsitsa banjo, ndiye kuti nyimbo ipitirire. Akaisiya m’mwamba, ndiye kuti anthu apitirize. Anaima choncho, misozi ikusakanikirana ndi thukuta.

A Luisa sanadzuke, sanafunde kumutu. Anakhala atawongola msana, manja ali pamiyendo, akuyang’ana patsogolo ngati munthu wodikira basi. Dzanja limodzi lokha ndilo linatambasuka kufuna kugwira diresi lachikasu, koma linagwira mphepo. Kamtsikana kanali katalowa kale pamzere wa thirakitala, kakuomba m’manja, nkhope yonse ikuwala.

Jenereta inadzuka, zimkuzamawu zinabangula, ukwati unapitirira. Anthu ambiri amati unali ukwati wokoma kwambiri chaka chimenecho. A Lorenso anamangirira babatoni panjinga n’kunyamuka, ndipo a Hilario anawatsatira pambuyo. Feston sanawatsanzike.

M’mawa mwake a Hilario anapita pamsewu, pomwe amaima anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Banjo anaisiya kunyumba. Sankadziwa chomwe akanene, koma kukhala pakhomo kunawakanika. Anapeza a Luisa atakwera kale, chikwama chitamangidwa kumbuyo, mdzukulu atapanikizika pakati pa iwo ndi woyendetsa. Feston anali ataima pambali, ndipo ataona nkhalambayo ikubwera anatembenukira kwina.

Kamtsikana ndiko kanawazindikira koyamba.

“Agogo, taonani! Si aja oimba nyimbo ya dzina langa?” Kanawakweza dzanja a Hilario. “Agogo aamuna, ine dzina langa lenileni ndine Luisa! Ndaigwira yonse. Ndikakafika ndikawaphunzitsa anzanga kusukulu, ndi amama omwe.”

A Hilario anavula chipewa. Anayang’ana a Luisa, milomo inayamba kugwedera.

“Ma-ma-ma...”

Kawiri konse m’moyo wawo mayi ameneyu anatula zomwe ananyamula n’kuwadikira mpaka amalize. Ulendo uno anangokonza duku lawo, n’kugwira phewa la woyendetsa.

“Tiyeni, bambo. Dzuwa likukwera.”

Njinga inalira n’kulowa mumsewu wa ku Thabwa. A Hilario anatsala chilili, chipewa m’manja, liwu lija likadali pakhosi. Fumbi lisanawabise, anamva kamawu kakang’ono, kosalala, kosaphonya ngakhale pamodzi, kakudzifunsa kokha n’kudziyankha kokha kuti Luisa wapita kuti.